Ukonde wa pa Siteshoni ya Salima

Sakina anali mwana wa kunyanja. Kwawo kunali kwa Maganga. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Sakina ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna bambo ake.

Bambo ake anali Che Binali. Anapita ku Halale kukagwira ntchito mu mgodi. Anapita Sakina akukwawa. Poyamba makalata ankabwera. Kenaka makalata analeka. Chaka chinatha. China chinatha. Chinanso chinatha. Zii!

Anthu ankati, "Binali anatchona." Kutchona ndi kupita osabweranso. Mawu amenewa Sakina ankadana nawo.

Sakina sankadziwa nkhope ya bambo ake. Chithunzi panalibe. Masiku amenewo chithunzi akanachitenga kuti?

"Amayi, Ababa ndi otani?" ankafunsa Sakina.

"Ndi aatali. Ndi onenepa. Amaseka kwambiri," ankayankha amayi.

"Abwera liti?"

"Mulungu akalola."

Amayi akatero, ankayang'ana kumbali.

*

Amayi a Sakina anali a Hajara. Ankagulitsa utaka wouma. Lachinayi lililonse ankapita ku siteshoni ya Salima. Limenelo linali tsiku la sitima.

Lachinayi lina ananyamuka m'mamawa. Amayi anasenza dengu lalikulu. Sakina anasenza dengu laling'ono. Pamutu anaika nkhata ya chiguduli.

Anadutsa minda ya mpunga. Anadutsa minda ya thonje. Anayenda, anayenda, anayenda. Dzuwa la ku Salima silisewera, anzanga. Limawotcha ndi mapazi omwe.

Pa siteshoni panali piringupiringu. Panali matumba a mtedza. Panali mabelo a thonje. Panali mbuzi, nkhuku ndi njinga. Amayi anatula dengu. Sakina anatulanso lake.

Kenaka Sakina anamva phokoso.

"Wamisala! Wamisala! Wong'amba matumba!"

Anali anyamata anayi. Ankavina. Ankaseka. Ankaloza pansi pa mtengo wa bwemba. Ana opanda mwambo! Anaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pansi pa bwemba panali munthu. Anali wowonda kwambiri. Anali ndi ndevu zambiri. Kumutu anamangako nsalu yakuda ndi fumbi. Patsaya panali chipsera chachikulu. Anavala jasi yong'ambika.

Munthuyo sankayang'ana anyamata aja. Ankayang'ana manja ake. Anali ndi chiguduli pamiyendo. Ankasolola ulusi umodziumodzi.

Sakina anachita mantha. Anachitanso chifundo.

*

Pafupi ndi amayi panali mayi wogulitsa chinangwa. Ameneyo ankadziwa nkhani zonse za pa siteshoni. Pakamwa pake sipankatera ntchentche.

"Munthu uja ndi ndani?" anafunsa Sakina.

"Ndani akudziwa, mwanawe?" anatero mayiyo. "Anatsika sitima ya sabata yatha. Anabwera ndi anthu a ku Halale. Akuti mwala unamugwera pamutu mu mgodi. Anzakewo anakwera lole. Iye anatsala."

"Kwawo ndi kuti?"

"Sakudziwa."

"Dzina lake ndani?"

"Sakudziwa. Salankhula. Timangomupatsa chinangwa. Amadya, n'kuyambanso kung'amba matumba."

Sakina anadzidzimuka. Ku Halale! Mu mgodi!

Anakoka nsalu ya amayi. "Amayi, tiyeni tikamuone."

"Ayi," anatero amayi.

"Mwina ndi Ababa."

"Ndati ayi. Bambo ako ndi onenepa. Uyo ndi mafupa okhaokha."

"Koma simunamuone bwino."

"Khala pansi. Ingitsa ntchentche."

Musati amayi anali ouma mtima. Ayi ndithu. Amayi anali otopa. Chaka chatha anamva za munthu wina wochokera ku Halale. Anayenda wapansi mpaka ku Khombedza. Sanali Che Binali. Anamvanso za wina. Anayenda mpaka ku Chipoka. Sanali Che Binali. Anabwerera akulira njira yonse. Tsopano amayi ankaopa kuyang'ana.

Sakina anakhala pansi. Anaingitsa ntchentche. Koma maso ake anali ku bwemba.

*

Dzuwa litakwera, kunabwera kalaliki wa ku boma. Dzina lake anali a Lawson. Anavala kabudula wa khaki. Anali ndi buku kukhwapa. Pensulo inali pakhutu.

A Lawson anaima pansi pa bwemba. Anthu anasonkhana. Sakina anazemba. Analowa pakati pa miyendo ya anthu.

"Bambo, dzina lanu ndani?" anafunsa a Lawson.

Munthuyo anali chete.

"Mudzi wanu ndi uti?"

Chete.

"Mfumu yanu ndani?"

Chete.

A Lawson anatulutsa pepala. Anaonetsa anthu onse. "Ichi ndi chitupa chake. Chinali m'thumba la jasi. Pa chitupa pamakhala dzina. Pamakhala mudzi. Pamakhala mfumu. Koma ichi chinanyowa ndi mvula. Inki yonse inasungunuka."

Sakina anasuzumira. Zoonadi. Pepala linali bii. Panatsala chidindo cha chala chokha.

A Lawson anapukuta thukuta. "Tamverani nonse. Munthuyu wakhala pano sabata yathunthu. Sangakhale pano mpaka kalekale. Lero akwera sitima. Apita ku chipatala cha kutali, kumwera. Sitima ikalira kachitatu, wapita."

"Adzabweranso?" anafunsa munthu wina.

A Lawson anakweza mapewa. "Adzabwerera kuti? Alibe dzina. Alibe mudzi."

Sakina anayang'ananso munthu uja. Nanga akakhala Ababa? Akapita, adzawapeza bwanji?

*

Anthu anabalalika. Sakina sanachoke. Anasendera pang'ono. Anasenderanso pang'ono.

"Salamu alaikumu, bambo," ananong'ona.

Munthuyo sanadzutse mutu. Koma milomo yake inagwedera.

Sakina anayang'ana manja ake. Manjawo ankasolola ulusi. Ankauika pantchafu. Ankaupota, ankaupota. Ulusi unkasanduka chingwe. Kenaka zala zinkamanga mfundo. Mfundo ina. Mfundo inanso.

Sakina anatong'ola maso. Ha!

Pansi pa jasi panali kanthu. Kanali ndi maso ang'onoang'ono. Maso onse anali ofanana. Mwana wa kunyanja sangafunse kuti ichi n'chiyani. Unali ukonde!

Nthawi yomweyo mlonda wa matumba anafika. Anali ndi chibonga. Anali atakwiya kwambiri.

"Iwe! Chiguduli china? Wang'amba zitatu tsopano!"

Mlonda analanda chiguduli. Kaukonde kanagwa pansi. Munthu uja anagwira mutu ndi manja awiri. Anayamba kunjenjemera.

"Sakung'amba chabe!" anakuwa Sakina. "Akuluka ukonde!"

"Ukonde pa njanji?" anatero mlonda. "Afuna kugwira sitima?"

Anyamata aja anafa nazo nseko. Mlondayo kwawo kunali kumapiri. Anyamatawo anakulira pa siteshoni. Nsomba ankaidziwa ili m'mbale. Ukonde akanaudziwira kuti?

Sakina anatola kaukonde. Anathamanga. Fumbi linali koboo.

*

"Amayi! Amayi! Taonani!"

"Unali kuti iwe?"

"Taonani kaye!"

Amayi analandira kaukonde. Anakatambasula. Anakatembenuza. Anakoka mfundo imodzi. Sinamasuke.

"Wakupatsa ndani?"

"Waluka ndi munthu uja. Si wamisala, Amayi. Ndi msodzi. Ndi wa kunyanja ngati ife."

"Asodzi ndi ambiri," anatero amayi.

"Tangoyang'anani. Kamodzi kokha. Chonde, Amayi."

Amayi anapuma mpweya waukulu. Anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana ku bwemba.

Munthu uja analibenso chiguduli. Koma manja sanaleke. Anasolola ulusi wa jasi yake. Ankaupota pantchafu.

Amayi anaimirira. Dengu linagubuduka. Utaka unamwazika pansi. Nkhuku zinathamangira. Amayi sanazione n'komwe.

"Akupota ndi manzere," ananong'ona amayi. "Bambo ako ndi amanzere."

Kutali kunamveka phokoso. Chuku, chuku, chuku! Utsi wakuda unaoneka pamwamba pa mitengo. Sitima inali kubwera.

Amayi anathamanga. Sakina anali asanaonepo amayi akuthamanga. Anafika pansi pa bwemba. Anagwada. Anayang'ana maso a munthuyo. Anayang'ana makutu. Anayang'ana zala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayo ine! Ndi iwo," anatero amayi. "Che Binali! Che Binali, ndine!"

Munthuyo anadzutsa mutu. Anayang'ana amayi. Anawayang'ana ngati mlendo. Kenaka anaweramanso.

Sanawadziwe. Zinali zowawa, anzanga. Amayi analira.

*

Sitima inafika. Inapuma mwamphamvu. Fuuu! Anthu anatsika. Anthu anakwera. Amtengatenga anayamba kukweza matumba.

A Lawson anabwera ndi tikiti m'manja. "Tiyeni, bambo. Nthawi yakwana."

"Musawatenge!" anatero amayi. "Awa ndi amuna anga."

A Lawson anakanda kumutu. "Mayi, pepani. Dzulo kunabwera mayi wina. Nayenso anati ndi amuna ake. Dzana kunabwera nkhalamba. Inati ndi mwana wake. Onse analira ngati inu. Kenaka anati alakwitsa."

"Ine sindikulakwitsa."

"Mwina. Koma munthu si mbuzi. Sindingangomupereka. Iye akukudziwani?"

Amayi anawerama.

A Lawson sanali munthu woipa. Anaganiza pang'ono. Kenaka anati, "Bwerani kuno." Anapita nawo kuseri kwa mabelo a thonje. Sakina anatsatira.

"Tchulani mayina a kwanu. Tchulani motsitsa. Asamve."

Amayi anatchula. A Lawson analemba. Hajara, mkazi wake. Abbas, mlamu wake. Sakina, mwana wake. Maganga, kwawo.

A Lawson anatseka buku. Phaa!

"Mayina ndi anayi. Atchule limodzi yekha. Akatchula, mumutenga. Akalephera, akwera. Koma musamuuze. Musatchule dzina lililonse pafupi naye."

"Nanga dzina lake?" anafunsa Sakina.

"Ilo amayi ako atchula kale. Silithandiza."

Piiiii! Sitima inalira koyamba.

*

Anabwerera ku bwemba. Anthu anasonkhananso. A Lawson anawerama. Analankhula mokweza.

"Bambo! Mkazi wanu ndani?"

Chete.

"Mudzi wanu ndi uti? Ganizani! Fulumirani!"

Munthuyo anagwira mutu. Anatseka maso. Ananjenjemera thupi lonse.

"Mwaona?" anatero mlonda. "Mulibe kanthu m'mutumo."

Amayi anatseka pakamwa ndi nsalu. Mayina anali pakamwa. Koma sakanawatchula.

Sakina anaganiza. Anaganiza kwambiri. Anakumbukira malume ake, a Abbas. Malumewo ukawafunsa kanthu ali chikhalire, amangoti, "Mmm." Koma akagwira ukonde, eee! Nkhani sizitha. Asodzi ndi otero. Manja akamayenda, pakamwanso pamayenda.

"Bwana," anatero Sakina, "ndiyeseko ine?"

"Iwe? Kamwana iwe?"

"Inde. Koma musawakalipire."

A Lawson anayang'ana sitima. Matumba anatsala pang'ono. "Yesa. Koma changu."

"Bambo mlonda, ndibwerekeni chiguduli chija," anatero Sakina.

"Ayi! Ndi cha eni ake."

Sakina anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Chiguduli achipeza kuti? Kenaka anakumbukira nkhata yake. Anathamanga. Anaitenga pa dengu. Anaimasula. Chinali chiguduli chakale, chonunkha nsomba.

Anakhala pansi patsogolo pa munthuyo. Anawongola mwendo. Anatenga kaukonde kwa amayi, n'kukakola ku chala chachikulu cha kuphazi. Ankachita choncho kwawo malume akamasoka ukonde. Kenaka anapereka chiguduli ndi manja awiri.

Munthuyo anatsegula maso. Ananunkhiza chiguduli. Ananunkhizanso. Analeka kunjenjemera.

Anasolola ulusi. Anaupota. Anagwira kaukonde. Anamanga mfundo.

*

Sakina anadikira. Mfundo imodzi. Mfundo ziwiri. Mfundo zitatu. Kudikira kunali kovuta. Sitima inkapuma kumbuyo kwake.

Kenaka anafunsa motsitsa, "Bambo, ukonde uwu ndi wa nsomba zanji?"

Mfundo ina. Mfundo inanso.

"Utaka," anatero munthuyo.

Anthu onse anati, "Haa!" Mayi wa chinangwa anawomba m'manja. "Walankhula! Sabata yonse, lero walankhula!"

"Chete!" anatero a Lawson. Kenaka ananong'ona, "Utaka mulibe m'buku. Pitiriza."

"Mukaponya kuti?" anafunsa Sakina.

"Ku Mbenji. Mphepo ikaleka."

Amayi anayang'ana a Lawson. A Lawson anapukusa mutu. "Asodzi onse amapita ku chilumba cha Mbenji."

"Bwato mupalasa ndi ndani?" anafunsa Sakina.

"Ndi mlamu."

"Mlamu wake uti?"

Munthuyo anakwinya nkhope. Zala zinaima. Anafuna dzina. Dzina silinabwere.

"Uja," anatero. "Waulesi uja. Wogona m'bwato."

Amayi anaseka uku akulira. "Ndi mchimwene wanga ameneyo! Ndi yemweyo!"

"Aulesi ndi ambiri, mayi," anatero a Lawson. "Ndikufuna dzina."

Piiiii! Sitima inalira kachiwiri.

Amtengatenga anatseka zitseko. Gwa! Gwa! Gwa! Munthu wa mbendera anaima pambali pa njanji. Anakodola a Lawson.

A Lawson anagwira phewa la munthu uja. "Mwana, wayesetsa. Koma nthawi yatha."

"Funso limodzi! Limodzi lokha, bwana!"

*

Sakina anaganiza msanga. Afunse chiyani? Funso linatsala limodzi.

"Bambo, mukabwerako, nsomba mukapatsa ndani?"

"Mayi a mwana."

"Muli ndi mwana?"

Nkhope ya munthuyo inafewa. "Kamwana kanga. Kamakwawa. Kamavuta, kamakoka ukonde."

"Dzina lake ndani?"

Chete.

Munthuyo anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi. Dzina silinabwere. Anawerama. Anayamba mfundo ina.

Misozi inadzaza m'maso mwa Sakina. Dzinalo linali lake. Linali pa lilime. Koma sakanalitchula. Analuma mlomo.

Thupi lake linayamba kunjenjemera. Mwendo unanjenjemera. Phazi linakoka ukonde. Mfundo inapulumuka m'zala za munthuyo.

Munthuyo anayesanso. Phazi linakokanso. Mfundo inapulumukanso.

Munthuyo anatsonya. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe Sakina! Usakoke ukonde!"

Pa siteshoni panati zii. Ngakhale anyamata aja anatseka pakamwa.

A Lawson anatsegula buku. Anaika chala pa mzere wachitatu. Anawerenga mokweza.

"Sakina, mwana wake."

Anayang'ana anthu. "Alipo amene anatchula dzina limeneli pano?"

"Palibe!" anayankha mayi wa chinangwa. "Likanatchulidwa, ine ndikanamva."

A Lawson anatembenuka. Anakweza dzanja kwa munthu wa mbendera. "Pitani! Uyu sakwera. Ali ndi kwawo."

Piiiii! Sitima inalira kachitatu. Chuku, chuku, chuku! Inapita. Utsi unapita nawo. Che Binali anatsala pansi pa bwemba.

"Alihamudulilahi! Atamandike Mulungu!" anatero amayi. Anakhala pansi pa fumbi. Mayi wa chinangwa analuluta. Lululu! Mlonda anakanda kumutu. Anaponya chiguduli chija pamiyendo pa Che Binali.

"Tengani," anatero. "Ndi chong'ambika kale."

*

A Lawson anakhala pa thumba la mtedza. Anatulutsa pepala latsopano. Analemba dzina. Analemba mudzi. Analemba mfumu. Anapaka inki pa chala cha Che Binali. Anadinda.

"Ichi musachinyowetse," anatero. Anachipereka kwa amayi. Kenaka analoza Sakina. "Ndipo uyu mumutumize ku sukulu. Amafunsa bwino kuposa ine."

Sakina sanamve. Ankayang'ana bambo ake. Sanali onenepa. Sankaseka. Koma anali Ababa.

"Ababa," anaitana.

Che Binali anadzutsa mutu. "Ndiwe mwana wa ndani?"

"Ndine wanu. Ndine Sakina."

Che Binali anapukusa mutu. "Ayi. Sakina ndi kamwana. Amakwawa."

"Ndinakula, Ababa."

"Unakula?"

"Inde. Munachedwa."

Che Binali anamuyang'ana. Anayang'ana mphumi. Anayang'ana mano awiri ogweluka. Anayang'ana mapazi afumbi. Kenaka anayang'ana amayi. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi awa ndinawaonapo," anatero pang'onopang'ono.

"Munandionapo ndithu," anatero amayi. Anapukuta misozi. "Zina mukumbuka bwino. Palibe changu tsopano."

Utaka wambiri nkhuku zinali zitadya. Amayi anatola wotsala. Anaika dengu laling'ono m'dengu lalikulu. Anasenza onse awiri. Sakina anapinda kaukonde. Anakaika m'thumba la jasi ya bambo ake.

Che Binali anaimirira. Ha, anali aatali! Apo amayi sananame. Koma miyendo inali yofooka. Anayang'ana njanji. Anayang'ana msewu. Mantha anabweranso pankhope.

"Tikupita kuti?" anafunsa.

"Kwathu," anatero Sakina. "Kunyanja."

"Njira sindikuidziwa."

"Ine ndikuidziwa."

"Ndi kutali?"

"Ndi kutali. Tiyenda pang'onopang'ono. Mukatopa, tipuma."

Sakina anatambasula dzanja. Che Binali analiyang'ana. Kenaka analigwira ndi dzanja lawo lamanzere. Analigwira zolimba.

Amayi anatsogola. Sakina ndi bambo ake anatsatira. Anadutsa matumba a mtedza. Anawoloka njanji. Analowa njira ya kwa Maganga.

Atayenda pang'ono, Che Binali anaima.

"Sakina?"

"Ababa?"

"Palibe. Ndimafuna ndimve ngati uyankha."

"Itananinso," anatero Sakina. "Ndiyankha njira yonse."